Kuthandiza munthu amene safuna kulakwitsa ngakhale pang'ono: zimene akatswiri a zamaganizo amaphunzira

Tiyerekeze kuti tili m'chipinda chophunzitsira akatswiri a zamaganizo. Mphunzitsi wakhala pampando, akuchita sewero ngati munthu wodzafuna thandizo. Akuti iye ndi wowerengera ndalama pakampani ina. Imelo iliyonse amaiwerenga maulendo 6 asanaitumize, amaweruka anzake onse atafika kale kunyumba, ndipo akagona mutu umangobwerera ku manambala a masana aja. Wophunzira amene wakhala moyang'anana naye ndi munthu wachifundo, ndiye akuyankha mmene ambirife tingayankhire: "Bambo, mukudzipanikiza kwambiri. Palibe munthu wosalakwitsa. Bwanji mutafewetsako pang'ono?"

Bambo aja amwetulira, athokoza mwaulemu, n'kunena kuti akaganizira. Koma mumtima atseka kale chitseko. Zimene amva n'zakuti akuuzidwa kuti akhale mlesi, ndipo mawu oterewa anawamvapo kale kwa akazi awo ndi kwa anzawo kuntchito. Sabata yamawa sabweranso.

Wophunzirayo sananame. Wangogwira pamalo polakwika. Maphunziro onse a chithandizo cha vuto limeneli amayambira pa funso limodzi: ngati sitikupempha munthu kuti atsitse muyezo wake, tikufuna kuti asinthe chiyani?

Chichewa chilibe liwu limodzi lotchulira khalidweli. M'mabuku a akatswiri amati perfectionism, ndipo ife tingati ndi mtima wofuna kuchita zinthu mosalakwitsa ngakhale pang'ono. Komabe kumasulira kotere kumasiya kanthu kunja. Kalipentala amene amapala chitseko mpaka chisalale bwinobwino, kenako n'kupita kwawo kukadya nsima mtima uli m'malo, alibe vuto limene tikunenali. Mu 1978 katswiri wa ku America, Don Hamachek, anasiyanitsa kale munthu amene amakondwera ndi ntchito yake yabwino ndi munthu amene ntchito yake siimukwanira ngakhale itakoma bwanji.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunatuluka mafomu awiri oyezera khalidweli, ndipo wophunzira aliyense amakumana nawo. Fomu ya Randy Frost ndi anzake, ya mu 1990, ili ndi mafunso 35 ndipo imafunsa za kuopa kulakwitsa, kukayikira zimene wachita, miyezo imene wadziikira, komanso zimene makolo ankayembekezera ndi mmene ankadzudzulira. Ya Paul Hewitt ndi Gordon Flett a ku Canada, ya mu 1991, ili ndi mafunso 45 ndipo imagawa khalidweli patatu: wina amadzifunira yekha kusalakwitsa, wina amafuna kuti anzake asalakwitse, ndipo wina amakhulupirira kuti anthu ena ndi amene akufuna kuti iye asalakwitse. Mtundu wachitatuwu ndi umene umayenderana kwambiri ndi kutaya mtima. Ndi womwenso ukukula mofulumira. Thomas Curran ndi Andrew Hill anasonkhanitsa mayankho a ophunzira a m'makoleji 41,641 a ku United States, Canada ndi Britain, kuyambira 1989 mpaka 2016, ndipo anapeza kuti mtundu umenewu unakwera ndi 33 peresenti, pamene wodzifunira wekha unakwera ndi 10 peresenti.

Chimene chinadzidzimutsa madokotala

Khalidweli silili pamndandanda wa matenda m'buku la DSM-5, buku limene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo, limangotchulidwa ngati chimodzi mwa zizindikiro za vuto lina la umunthu. Ndiye n'chifukwa chiyani katswiri angatayire nthawi kuphunzira kulichiza?

Yankho lina linachokera pa kafukufuku wamkulu wa boma la America wa zaka za m'ma 1980, wa anthu oposa 200 odwala matenda ovutika maganizo. Anawagawa m'magulu anayi kwa masabata 16: ena analandira chithandizo cha CBT (chothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake), ena chithandizo chokambirana za ubale wawo ndi anthu, ena mankhwala a imipramine, ndipo ena mapiritsi opanda mankhwala. Sidney Blatt wa ku yunivesite ya Yale ndi anzake atabwerera ku zotsatirazo cha m'ma 1995, anaona kuti odwala amene anali ndi mtima wosafuna kulakwitsawu sanapindule mofanana ndi anzawo, mosatengera gulu limene anali. Pambuyo pake David Zuroff ndi anzake anaonetsa kumene chinthucho chinkathina: pamene odwala ena ankazolowerana ndi wowathandiza masabata akamapita, awa ankakhalabe patali.

Kenako panabwera gulu la ku yunivesite ya Oxford ku Britain. Roz Shafran, Zafra Cooper ndi Christopher Fairburn ankathandiza anthu a matenda a kadyedwe monga anorexia ndi bulimia, ndipo ankaona kuti odwala ena amayang'anira chakudya ndi thupi lawo mwa malamulo okhwima omwewo amene amagwiritsa ntchito kusukulu kapena kuntchito. Mu 2002 analemba tanthauzo limene maphunziro ambiri lero aimapo. Mwachidule iwo anati vuto lili pakuti munthu wamangirira kufunika kwake konse pa kukwaniritsa miyezo yovuta imene wadziikira yekha, ndipo amaithamangirabe ngakhale ikumuvulaza. Mu 2011 Sarah Egan wa ku Curtin University ku Perth, Tracey Wade wa ku Flinders University ku Adelaide, ndi Shafran yemweyo anasonyeza kuti khalidweli limapezeka pansi pa mavuto osiyanasiyana: nkhawa, kuvutika maganizo, matenda a kadyedwe ndi OCD (vuto la maganizo osachoka m'mutu amene amakakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu).

Apa ndiye pali yankho la funso lija loti tikufuna kuti munthu asinthe chiyani. Chimene chikufunika kumasulidwa si muyezo, koma chingwe chimene chamanga muyezowo ku ulemu umene munthu amadzipatsa. Bambo aja akhoza kupitiriza kufuna ntchito yaukhondo. Chofunika n'chakuti nambala imodzi yolakwika isamatanthauze kuti iwo ndi munthu wachabechabe. Wophunzira amaphunzitsidwa kunena zimenezi momveka pa tsiku loyamba lenileni, chifukwa akachedwa nazo mwayi wachiwiri sapatsidwa.

Pepala ndi cholembera

Luso loyamba ndi kujambula, pamodzi ndi wodwalayo, mmene vuto lake limadzizungulira. Sikuti katswiri amabwera ndi chithunzi chokonzeratu. Amatenga pepala loyera n'kufunsa.

"Mukamaweruka, n'chiyani chimakuuzani kuti lero zayenda?"

"Ngati palibe chimene chabwezedwa."

"Nanga china chikabwezedwa?"

"Ndiye kuti ndine wosathandiza. Sindikuyenera malo amenewa."

"Mwezi watha munati malipoti anu onse anadutsa osakonzedwa. Munamva bwanji?"

Apa bambo aja amakhala chete pang'ono. "Ndinapumirako tsiku limodzi. Kenako ndinaganiza kuti mwezi umenewo unali wophweka, aliyense akanatha."

Yankho lomalizali ndi limene wophunzira amauzidwa kuti alitchere khutu. Munthu wa mtima umenewu akalephera amadzikalipira, zimenezo aliyense angaziyembekezere. Koma akapambana, amachepsa chipambanocho n'kukweza muyezo. Njira zonse ziwiri zimamubwezera pamalo amodzimodzi. Pakati pa chithunzicho amalembapo malamulo a munthuyo, amene pafupifupi onse amayamba ndi "ndiyenera", ndiponso zochita zimene malamulowo amabereka: kubwerezabwereza kuona ntchito, kudziyerekeza ndi ena, kufunsa anthu ngati zili bwino, kukonzekera mopyola muyezo. Palinso chimene chimadabwitsa ophunzira atsopano, kuzengereza. Ambiri amaganiza kuti munthu wotere ndi wakhama nthawi zonse, pamene ena mwa iwo ndi aja amene ntchito ya kukoleji imakhala miyezi osayambidwa, chifukwa tsamba losalembedwa lilibe cholakwika.

Shafran ndi anzake anakonzanso fomu yaifupi ya mafunso 12 yofunsa za mwezi umodzi wapitawo, kuti aziona ngati zinthu zikusintha chithandizo chili mkati. Mafomu akale aja amayeza khalidwe la munthu kwa nthawi yaitali, choncho sasuntha msanga.

Kuyesa m'malo motsutsana

Mtima wa chithandizochi, ndipo ndi pamene maphunziro amatayapo nthawi yambiri, ndi kuyesa zinthu m'moyo weniweni. Anthu awa nthawi zambiri ndi anzeru ndipo kutsutsana amakutha. Katswiri akayamba kuwapatsa mfundo zakuti kuwerenga imelo maulendo 6 n'kosafunika, iwo ali ndi mfundo zina khumi, kuphatikizapo tsiku lina zaka zapitazo limene kuwerenga komaliza kunagwira cholakwika. Ndiye katswiri satsutsa. Amati tiyeni tione.

Amalemba kaye zimene munthuyo akulosera, ndipo amazilemba mosabisa: ndikawerenga kamodzi kokha mukhala zolakwika, abwana aziona, ndipo ayamba kundikayikira. Amafunsa kuti akukhulupirira zimenezo mochuluka bwanji pa 100, bambo aja n'kunena kuti 90. Kenako amagwirizana kuti kwa sabata imodzi, maimelo wamba a mu ofesi, theka aziwawerenga monga mwa masiku onse, theka kamodzi kokha, n'kumalemba kuti ndi angati anabweretsa dandaulo ndiponso anatenga mphindi zingati. Sabata yotsatira amayang'ana limodzi.

Kunena n'kophweka, koma pali malo angapo pamene wophunzira amapunthwa. Akhoza kusankha chiyeso chachikulu kwambiri, wodwala n'kuchita mantha osachichita. Akhoza kusankha chaching'ono kwambiri moti zotsatira zake sizikhudza chikhulupiriro chija. Akhoza kuiwala kufunsa njira zobisika, mwachitsanzo bambo aja kuwerengadi kamodzi koma pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Ndipo chachikulu, ayenera kudziwa kusiyanitsa pamene kusamala kuli kofunikadi. Namwino sauzidwa kuti ayese kusaonanso mlingo wa mankhwala a mwana. Amayesera pa kalembedwe ka lipoti la kumapeto kwa shifiti, kapena pa kusita yunifolomu. Wowerengera ndalama sayesera pa fomu ya msonkho. Katswiri amene sanamvetse ntchito ya wodwala wake amatha kupereka chiyeso chopusa, ndipo munthu wa mtima uwu akangoona kupusa kamodzi chikhulupiriro chatha.

Chinanso chimene ophunzira amachiopa ndi tsiku limene cholakwika chachitikadi. Imelo ina yapita ndi deti lolakwika, wina n'kuyankha kuti akonze. Wophunzira amaona ngati chiyeso chalephera, pamene aphunzitsi amati limenelo ndiye tsiku labwino, chifukwa tsopano pali mwayi wofunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani, abwana anatani, ndipo mawa lake anthu analikumbukirabe deti lija.

Njira ina yofanana nayo ndi kufunsa anthu ena. Wodwala amakonza mafunso ochepa n'kufunsa anzake amene amawalemekeza pantchito, kuti iwo amawerenga kangati ndipo analakwitsapo liti. Kwa munthu amene wakhala zaka akuganiza kuti aliyense waluso amachita ngati iye, kumva mnzake wodalirika akuti "ine ndimangotumiza" kumagwedeza kuposa ulaliki uliwonse wa katswiri.

Palinso kachithunzi kozungulira kogawidwa ngati keke. Munthu amafunsidwa kuti agawe zinthu zimene amadziweruzira nazo. Kwa bambo aja ntchito yatenga pafupifupi keke yonse, ndipo kukhala tate, kukhala mnzawo wa anthu, kwaya imene anasiya, zonse zapanikizana m'kachidutswa kopyapyala. Ntchito ya masabata otsalawo ndi kukulitsa zidutswa zinazo ndi zochita zenizeni, monga kubwerera kukwaya Lachitatu madzulo ngakhale patebulo patsala mapepala. Kumapeto amalimbana ndi mawu odzikalipira aja, n'kusandutsa malamulo ouma kukhala malangizo opindika.

Chithandizo chonsechi n'chachifupi. Pa kafukufuku wina wa gulu la ku Oxford, wofalitsidwa mu 2007, anthu 20 anakumana ndi katswiri maulendo 10 m'masabata 8, ndipo 15 mwa iwo anasintha mooneka. Chiwerengerocho n'chochepa, koma pambuyo pake kunabwera kafukufuku wina ku Australia, ndi wa pa intaneti ku Britain ndi ku Sweden mu 2017. Mu 2014 Egan, Wade, Shafran ndi Martin Antony wa ku Toronto anasindikiza buku la malangizo a akatswiri, limene maphunziro ambiri a njira imeneyi amatsatira.

Wodwala wabwino kwambiri

Vutoli silitsala pakhomo munthu akamalowa m'chipinda cha uphungu. Limalowa naye. Katswiri akapereka pepala loti wodwala azilembapo maganizo ake mkati mwa sabata, wina amabwera nalo atalitaipa pakompyuta, masamba 7, mitu yake yopakidwa mitundu. Wina amabwera chimanjamanja, akuti analemba koma sizinamveke bwino ndiye anang'amba. Onse awiri aonetsa chinthu chimodzi, ndipo wophunzira amayenera kuchigwira pomwepo, mofatsa, m'malo moyamikira woyamba n'kudandaula ndi wachiwiri. Kuyamikira masamba 7 aja ndi kuthirira udzu umene wabwera kudzazula.

Choopsa kwambiri ndi wodwala amene sabata iliyonse amati zikuyenda bwino. Hewitt ndi Flett anafotokoza za anthu amene chachikulu kwa iwo ndi kuoneka osalakwitsa pamaso pa anthu: saonetsa kufooka ndipo sakutchula. Kafukufuku wambiri wapeza kuti khalidweli limayenderana ndi maganizo ofuna kudzipha, makamaka mwa amene amamva kuti anthu ena akuwayembekezera zosatheka. Munthu wotere amafika atavala bwino, pa nthawi yake, akumwetulira. N'chifukwa chake ophunzira amauzidwa kuti azifunsa za maganizo odzipha mwachindunji, osadikira nkhope yachisoni.

Pa mfundo imeneyi ndi pamene akatswiri amagawanika. Mu 2003 Hewitt, Flett ndi anzawo anayankha gulu la ku Oxford poyera kuti tanthauzo lawo n'lopapatiza, lasiya kunja ubale wa munthu ndi anthu ena. Kwa iwo, mtima wosafuna kulakwitsa ndi njira imene munthu amayesera kupeza chikondi ndi malo pakati pa anthu, nthawi zambiri chifukwa ali mwana anamva kuti iye mwini sakwanira. Tsoka lake n'lakuti njirayo imamutalikitsa kwa anthu omwe akuwafunawo. Hewitt wa ku University of British Columbia, Flett ndi Samuel Mikail anafotokoza chithandizo chawo mokwanira mu 2017, ndipo kawirikawiri chimachitikira pagulu. Katswiri wa njira imeneyi sapereka ntchito ya kunyumba yowerenga maimelo. Amayang'ana zimene zikuchitika pompo m'chipindamo, mwachitsanzo munthu amene wayamba kulira kenako n'kupepesa n'kusintha nkhani, ndipo amafunsa kuti amaopa kuti anzakewo amuona bwanji.

Ine ndimaona kuti njira ya ku Oxford inafala msanga chifukwa ndi yosavuta kuphunzitsa ndi kuyeza, ili ndi masitepe ooneka. Koma zimene Blatt ndi Zuroff anapeza, zakuti odwalawa amakhala patali ndi wowathandiza, a ku Canada ndi amene amazifotokoza bwino. Katswiri amene waphunzira masitepe okha adzathandiza bambo aja kuchepetsa maulendo owerenga imelo, osadziwa kuti akuchita zimenezo pofuna kukhoza mayeso a uphunguwo.

Tisaiwalenso kumene umboni wonsewu unachokera: Britain, Australia, Canada, Sweden ndi United States, ndipo ambiri mwa oyesedwa anali anthu ophunzira. Phungu amene akuthandiza mwana woyamba kubadwa wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, amene banja lonse linasonkherana fizi ndipo azing'ono ake akudikira kuti iye ayambe ntchito, sangathamangire kunena kuti zoti anthu akumuyembekezera zambiri ndi maganizo chabe. Akumuyembekezeradi. Chimene chingayesedwe ndi china: kodi n'zoona kuti akalephera phunziro limodzi amayi ake asiya kumuwerengera ngati mwana wawo?

Amaphunzira bwanji

Akatswiri ambiri amayamba ndi msonkhano wa tsiku limodzi kapena awiri, wa maphunziro ndi masewero ngati lija tayamba nalo. Ofufuza za kaphunzitsidwe ka akatswiri anaona kale kuti misonkhano yotere imawonjezera zimene munthu akudziwa, koma payokha siisintha kwenikweni zimene amachita akakhala ndi wodwala. Chimene chimasintha ndi kuyang'aniridwa: wophunzira amajambula mawu kapena vidiyo ya kukumana kwake ndi wodwala, wodwalayo atavomera, n'kukamvetsera limodzi ndi katswiri wamkulu. Ku Britain ambiri amagwiritsa ntchito muyezo wa luso la katswiri wotchedwa CTS-R, umene Ivy Blackburn ndi anzake ku Newcastle anatulutsa mu 2001. Uli ndi mbali 12, iliyonse imapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 6, ndipo kawirikawiri 36 ndiye pokhozera. Woyang'anira amasakanso chimene Glenn Waller anachilemba mu 2009, chizolowezi cha akatswiri chosiya pang'onopang'ono mbali zovuta za chithandizo n'kumangocheza ndi wodwala. Ndi anthu awa chizolowezicho chimabwera mosavuta, chifukwa amalankhula mokoma ndipo ola limatha musanakonze chiyeso chilichonse.

Tsono taonani amene wakhala pampando wa wophunzira. Ndi munthu amene anakhoza bwino kusukulu, anapikisana ndi anthu ambiri kuti apeze malo pa maphunzirowa, ndipo tsopano akupatsidwa malikisi pa mbali 12. Paja anyani amasekana zikundu. Si zachilendo kupeza kuti wophunzira amakonzekera maola atatu kukumana kwa ola limodzi, amalephera kutseka nkhani nthawi ikakwana chifukwa sanafike pa chilichonse chimene analemba, ndipo wodwala akachedwa kuchira amaona ngati walephera ndi iyeyo. Katswiri wotere amagwirizana mwakachetechete ndi malamulo a wodwala wake. Bambo aja akati kuwerenga kamodzi n'kusasamala, kumtima kwake amavomereza, ndipo chiyeso chija amachipereka ndi mawu ofooka.

James Bennett-Levy wa ku Australia anayambitsa njira yoti ophunzira a CBT aziyesa zida zawo pa iwo eni, kenako n'kulemba zimene amva ndi zimene aphunzirapo. Pa nkhani ino njirayo imakwana ndendende. Wophunzira amajambula keke yake, amalemba malamulo ake a "ndiyenera", n'kukonza chiyeso chake. Woyang'anira akhoza kumupempha kuti sabata yamawa asabweretse vidiyo imene akuinyadira, abweretse ija akufuna kuifufuta. Wophunzira amalemba kaye zimene akulosera, kuti aphunzitsi aona kuti sindikuyenera ntchito ino, n'kuikapo 80 pa 100. Lachinayi likafika amalowa mu ofesi m'manja muli thukuta, amaika laputopu patebulo, n'kutsegula pa mphindi ya 23, pamene wodwala anamufunsa funso iye n'kusowa choyankha.